Mano a Sipuloketi ndi Misewu ya ku Msundwe: Mafunso ndi Mayankho

Msika wa Msundwe uli m'mbali mwa msewu wa M12, umene umachokera mumzinda wa Lilongwe kudzera pa Chitedze ndi pa Mpingu n'kupitirira ku Namitete mpaka ku Mchinji, koma ambiri mwa anthu amene amagula ndi kugulitsa pamsikawu amakhala kumidzi kumene tala sanafikeko. Mtunda wa pakati pa tala ndi mudziwo ndi umene umadyetsa akabaza a njinga zamoto, ndipo ndi umenenso umatha tcheni, kilatchi ndi injini. Nthawi yogula tcheni yatsopano ikakwana, mwini njinga amafunsidwa kuti akufuna sipuloketi ya mano angati, ndipo yankho lake limakhudza kakokedwe ka njingayo, liwiro lake, mafuta amene idzamwe ndiponso zaka zimene injini idzakhale.

Kodi sipuloketi n'chiyani, ndipo ili pati pa ulendo wa mphamvu yochokera mu injini?

Sipuloketi ndi chitsulo chozungulira chokhala ndi mano m'mphepete mwake, mano amene amalowa m'mipata ya tcheni, ndipo njinga yamoto yoyendera tcheni imakhala nazo ziwiri: yaing'ono yakutsogolo, imene imamangidwa pa shafiti yotuluka mu giyabokosi, ndi yaikulu yakumbuyo, imene imamangidwa pa wilo. Injini ya njinga zazing'ono za 100cc, 125cc ndi 150cc, monga za mtundu wa Lifo, SanLG, Kinglion ndi Bajaj Boxer, imazungulira maulendo masauzande angapo pa miniti imodzi, koma mphamvu imene imapotolera shafiti pa ulendo uliwonse ndi yochepa kwambiri, moti ikanalumikizidwa mwachindunji ku wilo sikanatha kudzutsa njinga pamalo. N'chifukwa chake liwiro la kuzungulirako limachepetsedwa pamalo atatu motsatizana, ndipo paliponse pamene liwiro lachepa, mphamvu yopotola imakula ndi mlingo womwewo. Malo oyamba ndi magiya awiri amene ali pakati pa injini ndi kilatchi, achiwiri ndi giyabokosi imene woyendetsa amasintha ndi phazi, ndipo achitatu ndi masipuloketi awiri aja ndi tcheni yawo. Malo awiri oyambawo ali m'kati mwa injini ndipo anakhazikitsidwa ndi amene anaipanga, pomwe achitatu ali kunja, kumene makaniko aliyense wa pamsika angathe kufikako ndi sipanala.

Zipangizozi n'zakale. Tcheni ya timawilo tozungulira pa timapini, imene njinga zonsezi zimayendera, inakonzedwa ndi Hans Renold m'chaka cha 1880, ndipo injini zambiri za njinga zochokera ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, njinga imene inatuluka m'chaka cha 1975 ndipo inapangidwira dala maiko amene misewu yake ndi yoipa komanso kumene njinga sizipita ku sevisi kawirikawiri.

Nanga mlingo wa masipuloketi umawerengedwa bwanji?

Mlingo umapezeka pogawa chiwerengero cha mano a sipuloketi yakumbuyo ndi chiwerengero cha mano a yakutsogolo, ndipo nambala yotulukayo imanena maulendo amene yakutsogolo iyenera kuzungulira kuti wilo izungulire kamodzi. Ngati kutsogolo kuli mano 14 ndipo kumbuyo kuli 42, mlingo ndi 3.00, mano akutsogolo akakhala 15 mlingo umatsika kufika pa 2.80, ndipo akumbuyo akakhala 45 pomwe akutsogolo ali 14, umakwera kufika pa 3.21. Nambala ikakwera, njinga imakoka kwambiri koma injini imalira kwambiri pa liwiro lililonse. Ikatsika, injini imazungulira mofatsa koma kukoka kumachepa. Chiwerengero cha mano nthawi zambiri chimadindidwa pachitsulo penipenipo, ndipo ngati chafufutika, manowo amawerengedwa ndi chala ataika chizindikiro cha choko pa dzino loyambira.

Popeza mlingo wa njinga zoterezi umakhala pafupi ndi 3, dzino limodzi lakutsogolo limafanana ndi mano pafupifupi atatu akumbuyo. Ili ndi lamulo lothandiza kwambiri pankhani yonseyi, chifukwa likusonyeza kuti munthu amene wachotsa dzino limodzi kutsogolo n'kuwonjezanso atatu kumbuyo wasintha njinga yake kawiri, ndi maperesenti oposa 15, ngakhale iye akuona ngati wangokhudzako pang'ono.

Kodi kusintha masipuloketi kumawonjezera mphamvu ya injini?

Ayi, ndipo zolakwa zambiri zimayambira pa kusamvetsa mfundo imeneyi. Mphamvu yonse imene injini ingatulutse imadalira kuchuluka kwa mpweya ndi petulo zimene ingawotche pa nthawi, ndipo palibe dzino la chitsulo limene lingawonjezerepo kanthu. Chimene masipuloketi amachita n'kugawa mphamvuyo pakati pa kukoka ndi liwiro, moti chimene chapindulidwa mbali ina chimalipiridwa mbali inayo. Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya pachitunda amadziwa zimenezi ndi miyendo yake: tcheni ikakwera pa sipuloketi yaikulu yakumbuyo, kupalasa kumapepuka koma mapazi amazungulira kambiri kuti njinga isunthe pang'ono, ndipo wopalasayo sanasanduke munthu wanyonga kuposa mmene analili.

Chinanso chofunika kuchidziwa n'chakuti masipuloketi amasintha magiya onse nthawi imodzi ndiponso mofanana. Sikutheka kusankha mlingo umene ungapatse giya yoyamba mphamvu yokoka kwambiri n'kusiya giya yomaliza ili yothamanga monga kale.

Kodi kusiyanaku kumaoneka bwanji pa liwiro lenileni?

Chitsanzo cha manambala osavuta chikhoza kuthandiza, ndipo manambalawa ali pafupi ndi a njinga zambiri za mtunduwu. Tiyerekeze kuti magiya a pakati pa injini ndi kilatchi ali ndi mlingo wa 4, giya yomaliza ya mu giyabokosi ili ndi mlingo wa 1, ndipo masipuloketi ndi a mano 14 ndi 42. Milingo itatuyi imachulukitsidwa, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 1 kuchulukitsanso ndi 3 ndi 12, kutanthauza kuti injini imazungulira ka 12 kuti wilo izungulire kamodzi. Injini ikamazungulira ka 7,200 pa miniti, wilo imazungulira ka 600, ndipo popeza tayala la pa rimu ya mainchesi 18 limayenda pafupifupi mamita 2 likazungulira kamodzi, njinga imadula mamita 1,200 pa miniti, omwe ndi makilomita 72 pa ola. Sipuloketi yakutsogolo ikakhala ya mano 15, injini yozungulira chimodzimodzi imapereka makilomita 77 pa ola, pomwe kukoka kumachepa ndi maperesenti pafupifupi 7. Yakumbuyo ikakhala ya mano 45, liwiro limatsika kufika pa makilomita 67 ndipo kukoka kumakula ndi maperesenti pafupifupi 7. Pa giya yoyamba, imene mlingo wake umakhala pafupi ndi 2.8, injini imazungulira pafupifupi ka 34 kuti wilo izungulire kamodzi, ndipo ndi mmene kainjini kakang'ono kamathera kudzutsa anthu awiri ndi thumba la chimanga.

Makilomita asanu pa ola ndiwo phindu lonse la dzino limodzi lowonjezera kutsogolo, ndipo paulendo wa makilomita 20 pa tala, phindulo silikwana ngakhale maminiti awiri.

N'chifukwa chiyani njinga ina imalephera kuthamanga ikaikidwa sipuloketi imene amati ndi yothamangitsa?

Masamu a pamwambawa amangonena liwiro limene njinga ingafike ngati injini yakwanitsa kuzungulira ka 7,200 pa giya yomaliza, koma sanena kuti ikwanitsadi. Njinga ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo mphamvu yofunika kuti ipyoze mphepoyo imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika imawirikiza kasanu ndi katatu. Injini ya 125cc imatulutsa mphamvu yake yonse pokhapokha ikazungulira mofulumira, ndiye mlingo ukatsitsidwa kwambiri, mphepo imaigwira isanafike pamene ili ndi nyonga, moti giya yachinayi imayamba kuthamanga kuposa yachisanu. Wokwera kumbuyo, dengu la tomato kapena mitolo yotambalala kuposa mahandulo zimakulitsa vutoli chifukwa zimatchinga mphepo yambiri.

Palinso chifukwa china chimene chimakhudza dera lino makamaka. Chigwa cha Lilongwe chili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka, moti injini imataya pafupifupi peresenti imodzi ya mphamvu yake pa mamita 100 alionse okwera. Njinga ya ku Msundwe, Nsaru kapena Kabudula imakhala itataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene inalembedwa m'buku lake, isanakwezedwe n'komwe katundu. Mlingo umene ungayende bwino ku Nsanje kapena ku Tete, kumene n'kotsika, ukhoza kulemetsa injini yomweyo kuno.

Tsono wakabaza amene ntchito yake ili m'misewu yafumbi asankhe mlingo wotani?

Yankho liyenera kuchokera pa msewu ndi katundu zimene njingayo imakumana nazo masiku ambiri, osati pa ulendo umodzi wa ku tauni umene umachitika mwa apo ndi apo. Njinga imene imatenga anthu pa siteji ya Msundwe n'kulowa nawo kumidzi imakhalitsa pa giya yachiwiri ndi yachitatu, imaima ndi kunyamuka kambirimbiri, imatsika m'madambo ndi kukweranso tsidya lina, ndipo nyengo yokolola imasenza matumba a makilogalamu 50 a chimanga, soya kapena mtedza, pomwe nyengo yodzala imasenza feteleza. Kuchokera mu Novembala mpaka mu Epulo, dothi lofiira la katondo limaterera ndipo makande a m'dambo amamata m'matayala, moti chofunika kwambiri si kuthamanga koma kutha kuyenda pang'onopang'ono injini isakuzima.

Pantchito yotere, mlingo umene njinga inabwera nawo kuchokera ku fakitale ndiwo poyambira pabwino, ndipo ngati pali chosintha, chikhale chokweza nambalayo pang'ono, ndi mano awiri kapena atatu kumbuyo. Ubwino wake waukulu uli pa kilatchi. Mlingo ukakhala wotsika, woyendetsa amakakamizika kugwira kilatchi theka kwa nthawi yaitali ponyamuka ndi katundu kapena podutsa pamatope, ndipo nthawi yonseyo mapuleti a kilatchi amakhuzana, amatentha n'kuperepeseka, ndipo zonyenyeka zake zimasakanikirana ndi oyilo amene amatetezanso injini yonse. Ubwino wachiwiri uli pa injini yeniyeniyo, chifukwa injini imene ikukoka katundu wolemera ikuzungulira pang'onopang'ono, fulotulo itatsegulidwa yonse, imagogoda ndi kutentha kwambiri, ndipo injini zimenezi zimaziziritsidwa ndi mphepo yokha, imene imakhala yochepa njinga ikamakwawa pachitunda m'dzuwa la mu Okutobala.

Komabe kukweza mlingo kuli ndi malire ake. Kukoka kukachuluka kwambiri pa giya yoyamba, tayala lakumbuyo limangozungulira pamodzimodzi pa katondo wonyowa, magiya amatha msanga moti phazi silipuma, ndipo njinga ikatulukira pa M12 injini imalira mopitirira muyeso pa liwiro wamba. Amene ntchito yake yaikulu ndi kuyenda pa tala pakati pa Namitete, Msundwe ndi Lilongwe, ali yekha kapena ndi munthu mmodzi, ndi amene angaganizire zowonjezera dzino limodzi kutsogolo, makamaka ngati injini yake ndi ya 150cc ndipo amamva kuti ikufuna giya ina pamwamba pa yomaliza.

Kodi n'zoona kuti sipuloketi yaikulu yakutsogolo imapulumutsa mafuta?

Funsoli lili ndi kulemera kwake, chifukwa petulo ndi amene amadya gawo lalikulu la ndalama za wakabaza. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti 44, bungwe la MERA linakweza mtengo wa petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Yankho la funsoli n'lakuti mafuta amapulumukadi pang'ono, koma pokhapokha pamsewu wosalala, pa liwiro losasinthasintha ndiponso ndi katundu wopepuka, pamene injini ili ndi mphamvu yotsala. Pamsewu wa zigwembe ndi katundu wolemera, woyendetsa amatsegula fulotulo kwambiri, amatsikira pa giya yapansi kawirikawiri ndipo amakhuza kilatchi, moti zimene amayembekezera kupulumutsa zimathera pomwepo. Tcheni youma, tayala losapopa mokwanira, fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi ndi mabuleki ogwira okha zimaba mafuta ambiri kuposa amene dzino limodzi lingabweze, ndipo kukonza zimenezi n'kotchipa.

Asinthe yakutsogolo kapena yakumbuyo?

Yakutsogolo ndi yotsika mtengo, imasinthidwa msanga, ndipo nthawi zambiri tcheni yomweyo imakwanira, koma kusintha kwake kumabwera kwakukulu nthawi imodzi. Kuichepetsa kulinso ndi vuto lakelake, chifukwa tcheni siyenda pa sipuloketi ngati lamba wofewa, koma imapindika pa mfundo iliyonse, ndipo mano akachepa kupindikako kumakula: pa mano 15 mfundo iliyonse imapinda madigiri 24, pomwe pa mano 12 imapinda madigiri 30. Kupindika kwakukulu kumatha mapini msanga, kumachititsa tcheni kugwedezeka, ndipo kumaitsitsa mpaka kumakhula pa chitsulo chimene chimagwira wilo yakumbuyo. Pa chifukwa chimenechi, wofuna kukoka kwambiri amachita bwino kuwonjezera mano kumbuyo kusiyana ndi kutsika pansi pa 13 kapena 14 kutsogolo.

Yakumbuyo imalola kusintha pang'onopang'ono, dzino limodzi pa nthawi, koma mabowo a mabawuti ake ayenera kugwirizana ndi a pa habu, ndipo ikakula kwambiri siikwana m'chivindikiro cha tcheni. Kuchotsa chivindikirocho pofuna kupezera malo sipuloketi ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa chimateteza tcheni ku fumbi ndi matope, ndipo koposa apo chimateteza wokwera kumbuyo: chitenje kapena mpango wolendewera ukakodwa pakati pa tcheni ndi mano, munthu amagwa pansi njinga ili pa liwiro.

Kodi tcheni iliyonse imalowa pa sipuloketi iliyonse?

Siilowa. Njinga zambiri zazing'onozi zimayendera tcheni ya nambala 428, ndipo zina ya 420. Nambala 4 yoyambirira ikutanthauza kuti kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake pali theka la inchi, omwe ndi mamilimita 12.7, pomwe manambala otsatirawo akunena za kutambalala kwa mpata umene dzino limalowamo, ndipo wa 428 ndi wotambalala kuposa wa 420. Tcheni ya 520, ya njinga zazikulu, ili ndi mamilimita 15.875 pakati pa mapini ndipo siigwirizana n'komwe ndi ziwirizo. Nambala ya tcheni ndi ya masipuloketi onse awiri iyenera kukhala imodzi.

Utali nawo umasintha. Dzino lililonse lowonjezera limadya pafupifupi theka la mfundo ya tcheni, zimene zimakokera wilo kutsogolo ndi mamilimita atatu, moti mano atatu amaikokera pafupifupi sentimita imodzi. Ngati potsetserekera ekiselo palibe malo otere, pamafunika tcheni yotalikirapo, ndipo mfundo zimawonjezeredwa ziwiriziwiri. Ikamangidwa, tcheni iyenera kusiyiridwa mpata wogwedezeka mmwamba ndi pansi, umene pa njinga zambiri ndi mamilimita 20 mpaka 30, ndipo mpatawu uyesedwenso munthu atakhala pampando, chifukwa mashoko akafinyika ndi katundu tcheni imakungika. Tcheni yokungika mopitirira imawononga bering'i ndi silo ya pa shafiti ya giyabokosi, ndipo kukonza zimenezo n'kodula kuposa tcheni yeniyeniyo. Kapanira wa pa mfundo yolumikizira aikidwe mbali yake yotseka italoza kumene tcheni ikuyenda.

Kodi sipidomita imasokonekera masipuloketi akasinthidwa?

Pa njinga zimene sipidomita yake imayendetsedwa ndi kebulo yochokera ku wilo yakutsogolo, monga zilili zambiri za akabaza, palibe chimasintha.

N'chifukwa chiyani amakaniko odziwa ntchito amaumirira kuti tcheni ndi masipuloketi zisinthidwe pamodzi?

Chimene anthu amachitcha kutamuka kwa tcheni si kukokeka kwa chitsulo, koma kudyeka kwa mapini ndi timachubu timene mapiniwo amazunguliramo, ndipo kudyekako kumatalikitsa mfundo iliyonse pang'ono. Tcheni yotere imakwera pamwamba pa mano m'malo mokhala pansi pa mpata, n'kuwasema mpaka asongoke ndi kupindikira mbali imodzi, ndipo mano osemedwa chonchi amawononga tcheni yatsopano m'kanthawi kochepa. Sipuloketi yakutsogolo ndiyo imayamba kutha, popeza imazungulira katatu pomwe yakumbuyo yazungulira kamodzi, koma imabisika m'chivindikiro ndipo ambiri saiyang'ana.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mfundo 20 za tcheni ya 428 yatsopano zimatalika mamilimita 254, ndipo zikafika pafupi ndi 259 tcheniyo yatha; popanda choyezera, tcheni imakokedwa ndi zala kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu, ndipo ikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, nthawi yake yakwana. Kudula mfundo ziwiri pa tcheni yotamuka, monga amachitira ambiri ndalama zikavuta, kumangobwezera malo okungira koma sikubwezera mfundo pa muyeso wake, ndipo tcheni yotereyi ndi imene imavuka kapena kuduka panjira, nthawi zina n'kumanga wilo yakumbuyo kapena kuswa chivindikiro cha injini. Kuitsuka ndi palafini n'kuipaka oyilo wokhuthala wa magiya, makamaka ikadutsa m'madzi ndi m'matope, kumatalikitsa moyo wa zitsulo zitatuzi kuposa china chilichonse. Pamene wilo yatsitsidwa, ndi bwinonso kuona malabala a m'habu amene amalandira kugunda kwa tcheni, chifukwa akafota njinga imadzidzimuka nthawi iliyonse fulotulo ikatsegulidwa.

Ngati njinga yayamba kukoka kwambiri, kodi ingasenze katundu wambiri kuposa kale?

Ikhoza kumudzutsa, koma singathe kumuimitsa. Mabuleki, amene pa njinga zambiri zimenezi ndi a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, amakhala omwewo, ndipo masipoko, matayala, mashoko ndi felemu sizidziwa kuti sipuloketi yasintha. Kulemera kumene wopanga njinga analemba m'buku kumakhalabe malire, ndipo njinga imene yakweza anthu atatu kapena matumba anayi chifukwa choti injini ikulola imafuna mtunda wautali kwambiri kuti iime pamene mbuzi, mwana kapena ngolo yatulukira mwadzidzidzi. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi cha Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe ndi kumene amathera ovulala a m'misewu imeneyi, ndipo fupa la mwendo lothyoka limakhazika munthu pansi miyezi ingapo osapeza ndalama. Chabwino chimene mlingo wokwera umabweretsa pambali iyi n'chakuti injini imathandiza kwambiri kugwira njinga potsetsereka, woyendetsa akatsikira pa giya yapansi m'malo modalira mabuleki okha.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti wasankha bwino?

Asanasinthe chilichonse, alembe mano a masipuloketi onse awiri ndi chiwerengero cha mfundo za tcheni, ndipo atsimikize kuti manambalawo ndi a ku fakitale, chifukwa njinga zambiri zogulidwa kwa anthu ena zinasinthidwa kale. Atsimikizenso kuti kufooka kumene akudandaula sikukuchokera pa pulagi, pa kabureta, pa mavavu kapena pa kilatchi yoterera, popeza sipuloketi ingangobisa matenda amenewa kwa kanthawi. Kenako asinthe chinthu chimodzi chokha, n'kuyesa njingayo panjira imene amayendamo tsiku ndi tsiku, ndi katundu amene amanyamula nthawi zonse. Mlingo uli bwino ngati njinga ikunyamuka kilatchi itasiyidwa msanga, ikukwera chitunda chozolowereka pa giya yachiwiri kapena yachitatu popanda kugogoda, ndipo pa tala ikutha kuwonjezera liwiro ili pa giya yomaliza popanda kutsikira pansi. Za mafuta ziyesedwe podzaza thanki mpaka pamalo amodzimodzi ndi kulemba makilomita kwa sabata yathunthu, mlingo wakale ndi watsopano womwe, ndipo sabata ziwirizo zikhale za nyengo imodzi, chifukwa msewu wa mu Januwale sumwetsa njinga mofanana ndi wa mu Julayi.